MuseScore Studio: ma chord anga anabwerera, koma ndinayamba ndavomera kuti ndinawasowetsa ndekha

Patha miyezi isanu ndikugwiritsa ntchito MuseScore Studio, pulogalamu yolembera manotsi a nyimbo, ndipo ndemangayi ndikulembera makamaka inu amene mwatsegula nyimbo yanu pa kompyuta ina n'kupeza ma chord (zizindikiro ngati C kapena G7 zouza woyimba chida zoti agwire) asowa kapena asanduka timabokosi. Ine ndimalembera kagulu kathu koyimba: wa gitala, wa besi, wa ng'oma, ndi ine pa kiyibodi. Anzangawa manotsi sawawerenga kwenikweni, maso awo amakhala pa ma chord amene ali pamwamba pa mizere. Amenewo akasowa, pepala lonse ndi lachabe.

Laputopu yanga yakale itayamba kudzizimitsa yokha ndinagula ina. Nyimbo zanga makumi anayi ndi mphambu zingapo zinali m'pulogalamu ina yolipira, imene sindiitchula pano. Ndinazitulutsa zonse ngati MusicXML, njira yosamutsira manotsi imene Michael Good anayambitsa, n'kuzitsegula mu MuseScore. Manotsi anafika bwinobwino. Koma nditayang'ana pamwamba pa nyimbo yoyamba ndinachita kakasi. Pamene pankalembedwa liwiro la nyimbo, kanotsi kanali katasanduka chilembo: q = 96. Pamene panali chord ya half-diminished panali chilembo chachilendo chokhala ndi kachisoti pamutu, ndipo kwina kunali timabokosi topanda kanthu m'kati. Usiku umenewo ndinagona ndikuidandaula pulogalamu yatsopanoyi, osadziwa kuti inalibe mlandu.

Chinanditsegula maso ndi kachilembo q kaja. Fonti ndi chovala chimene kompyuta imaveka zilembo kuti zioneke mwakutimwakuti. Mafonti akale a nyimbo ankabwereka malo a zilembo wamba. Chizolowezichi chinachokera ku Sonata, fonti imene Cleo Huggins anakonzera kampani ya Adobe mu 1985: ukadina q umapeza kanotsi kakuda kokhala ndi mwendo, h n'kukupatsa koyera, & n'kukhala treble clef, chizindikiro cha kumayambiriro kwa mzere wa manotsi. Mafonti ambiri obwera pambuyo anatengera njirayo, koma lililonse linkawonjezera zizindikiro zake pamalo amene lafuna. Ndiye fayilo siisunga kanotsi ayi, imasunga chilembo q ndi dzina la fonti. Fontiyo ikasowa pa kompyuta, chovala chimavuka, q n'kutsala poyera. Fonti yanga ya ma chord inatsala pa laputopu yakale ija, ndipo inali ya mtundu wa Type 1, umene Adobe inasiya kuuthandizira mu Januwale 2023.

Timabokosi nato tili ndi nkhani yake. Mu 2013 Daniel Spreadbury wa ku Steinberg, kampani ya mapulogalamu a nyimbo, anayambitsa SMuFL, mgwirizano wakuti chizindikiro chilichonse cha nyimbo chikhale ndi nambala imodzi m'mafonti onse. Panopa umayang'aniridwa ndi gulu la pansi pa W3C (bungwe loika miyezo ya pa intaneti) limene limasamalanso MusicXML. Manambalawo ali m'chigawo cha Unicode (mndandanda wa manambala a zilembo pa kompyuta) chimene chinasiyidwa kuti aliyense aikemo zake, kuyambira pa U+E000. Treble clef, mwachitsanzo, ili pa U+E050. Fonti wamba ilibe kalikonse pamalo amenewo, n'chifukwa chake imangojambula kabokosi. Kuyambira pomwe ndinamvetsa izi, ndimangoyang'ana kamodzi: ndikaona zilembo zosokonekera ndimadziwa kuti yasowa ndi fonti yakale, ndikaona timabokosi ndimadziwa kuti chizindikiro chili bwino koma chavekedwa fonti yosayenera.

Tsopano chimene ndikuiyamikira MuseScore n'chakuti inandisonyeza msanga kuti ma chord anga anali a mitundu iwiri, ngakhale papepala ankaoneka ofanana. Nyimbo zimene kale ndinazilemba mofatsa, ndi chida chenicheni cha ma chord, zinafika zathunthu, chifukwa MusicXML imasunga tanthauzo: muzu wake ndi B, watsitsidwa ndi flat, mtundu wake ndi minor seventh. Pulogalamu iliyonse imangojambulanso chord yotere ndi fonti yake. Koma panali nyimbo zina, pafupifupi theka, zimene ndinkazilemba mothamanga tsiku lokayeserera litayandikira. M'malo mwa chida cha ma chord ndinkangotayipa mawu wamba pamwamba pa mzere n'kuwaveka fonti yokongola. Kuthamanga si kufika, amatero akuluakulu, ndipo ine ndinafika patapita zaka.

Njira yosiyanitsira ndinaitulukira mwangozi. Woyimba wathu anapempha kuti nyimbo ina itsike kuchoka pa D kupita pa C. Ndinalowa pa Tools, kenako Transpose, manotsi onse n'kutsika. Ma chord ena anatsika nawo limodzi, D kukhala C, A7 kukhala G7. Ena anangoti njo pamalo pake ngati sizikuwakhudza. Amenewo ndiye anali mawu chabe ovala ngati ma chord. Makutu nawo amathandiza: chord yeniyeni imalira mukamaseweretsa nyimbo, yabodza imakhala duu. Ndikulangizani kuti fayilo iliyonse yochokera kwina muziyamba mwaiyesa chonchi, musanayambe kusakasaka mafonti pa intaneti ngati mmene ndinachitira ine masiku atatu athunthu.

Abodzawo palibe mankhwala ena koma kuwalembanso, ndipo musayembekezere kuti pulogalamuyi ilosera zimene munkatanthauza. Mwayi wake kulembako n'kofulumira. Mumasankha notsi, kudina Ctrl+K, n'kutayipa. Chilembo b chimasanduka flat yeniyeni, # imasanduka sharp, ziro amapereka kamzungulire kodulidwa ka half-diminished, o wamng'ono amapereka diminished. Space imakupititsani patsogolo popanda kugwira mausi. Manja atazolowera, nyimbo ya ma bar 32 ndinkaimaliza madzi a tiyi asanawire. Zimene ndakonza kufikira pano zinanditengera madzulo asanu ndi limodzi, ndipo ndili m'kati ndinapezamo ma chord awiri amene ndinawalakwitsa kalekale, wa gitala ankangowakonza yekha mwakachetechete osandiuza. Tinaseka, ngakhale ine ndinaseka ndi manyazi.

Panali kusowa kwinanso kumene sikunakhudze fonti n'komwe. Nditatulutsa pepala la wa gitala payekha, linalibe chord ngakhale imodzi, pomwe pa pepala lalikulu onse analipo. Chifukwa chake n'chakuti chord imamatirira pa mzere umene mwailembapo, ndipo ine ndinaalemba onse pa mzere wa kiyibodi. Pepala la gitala likanawatenga kuti? Ndinadina chord imodzi ndi batani lakumanja la mausi, kusankha onse ofanana nayo pa mzerewo, kuwakopera, n'kuwamata pa notsi yoyamba ya gitala. Mphindi imodzi basi. Tsiku lina ma chord onse a kolasi anasowa pa PDF pomwe pa sikirini ankaoneka motuwa. Ndinali nditadina V mosazindikira ma chord ali osankhidwa, ndipo V ndi batani lobisira zinthu. Kulidinanso kunawabweza. Ngati pa View mwazimitsa kuonetsa zobisika, ndiye kuti simuonanso ngakhale kutuwako, choncho yambani mwayang'ana pamenepo.

Mbali ya mafonti ndi imene yandikhazika mtima pansi. MuseScore imabwera ndi mafonti ake m'kati: Leland, imene inayamba ndi 3.6 mu Januwale 2021, Bravura ndi Petaluma a ku Steinberg, MuseJazz, ngakhalenso Finale Maestro, kuphatikizapo Edwin ya mawu. Fayilo yogwiritsa ntchito amenewa imaoneka chimodzimodzi pa Windows, macOS ndi Linux, popanda kuuza munthu kuti ayambe waika kanthu kena. Pa Format, kenako Style, pali tsamba la ma chord pomwe mumasankha kalembedwe wamba kapena ka jazz, kamene kamaoneka ngati dzanja la munthu ndipo wa gitala wathu amati kamawerengeka bwino pamalo a mdima. Ine sindikakonda kwenikweni, kamandionekera ngati kolemba mwana wasukulu wothamangira kunyumba, koma wowerenga pepalalo ndi iye.

Ngakhale zili choncho ndinadzitcheranso msampha kamodzi. Pa laputopu yatsopano ndinapezapo fonti ina yoonda bwino, n'kuiveka ma chord a nyimbo imodzi. Wa besi atatsegula kwake anandiyimbira foni.

"Achimwene, ma chord anuwa akukwerana, Bb ndi Eb zalowana."

Kwake kunalibe fontiyo, kompyuta yake inangoikapo ina yonenepa. Fayilo ya mscz, imene MuseScore imasungiramo nyimbo, imasunga dzina la fonti imene mwasankha, osati fonti yeniyeniyo. Ndinabwerera ku Edwin, ndipo tsopano makonzedwe onse ndinawasunga m'fayilo ya mss imene ndimailowetsa m'nyimbo iliyonse yatsopano. Amene akufuna kungowerenga ndimamutumizira PDF, chifukwa PDF imanyamula mafonti ake m'thumba. MusicXML ndimaipereka kwa yekhayo amene akufuna kusintha nyimbo pa pulogalamu ina, ndipo ndimamuuziratu kuti maonekedwe akasiyana pang'ono asadabwe, bola ma chord akutsika ndi kukwera limodzi ndi kiyi.

Ndikudziwa kuti ambiri akusamutsa mafayilo panopa, makamaka chichokereni Ogasiti 2024 pomwe kampani ya MakeMusic inalengeza kuti yasiya kupanga Finale, pulogalamu ina yolembera manotsi. Kaya mukuchokera ku pulogalamu iti, musafufute kalikonse pa kompyuta yakale musanatulutse nyimbo iliyonse kawiri: MusicXML yogwirira ntchito, ndi PDF yoti muziyang'anapo mmene pepala linkaonekera. Ine nyimbo zitatu ndinaiwala kuzipangira PDF, ndipo pomwe panali zilembo zosamveka ndinachita kufunsa wa gitala kuti amagwirapo chiyani.

Pulogalamuyi ndi yaulere, ya chilolezo cha GPL cholola aliyense kuigwiritsa ntchito ndi kuisintha, ndipo yakhala ikukula chiyambireni Werner Schweer mu 2002. Ndikuipatsa nyenyezi zisanu pa ntchito ya mtundu wanga, ya mapepala a ma chord ndi magulu ang'onoang'ono. Kwa woyamba kumene, mamenyu ake ali ndi zambiri ndipo sabata yoyamba mudzafuna kufatsa nayo. Zatsala nyimbo zinayi zimene sindinazikonze, zina mwa zija ndinazilemba mothamanga. Laputopu yakale ikadali m'kabati pamodzi ndi chaja yake, ndipo siichoka mmenemo mpaka nditamaliza zinayizo.