Nyenyezi zitatu: anatibisira tsabola mpaka usiku wa ku Paro

Kampani yoyendetsa alendo yomwe ndikuipatsa nyenyezi zitatuyi ndi imene inatikonzera ulendo wa ku Bhutan, kuyambira Thimphu, Punakha mpaka Paro. Galimoto inali yabwino, mahotela aukhondo, ku Taktsang, nyumba ya amonke achibuda ya pathanthwe, tinakwera popanda vuto. Za madola 100 aja omwe boma lawo limadula mlendo usiku uliwonse mukuzidziwa kale, ndiye muwonjezerepo za kampani. Munthu ukatulutsa ndalama zoterozo umafuna udyeko zomwe eni dziko amadya.

Koma ayi ndithu. Masana buffet, madzulo buffet: kabichi ndi karoti zongofutsa, nkhuku yozizira m'kamwa, pomwe panja tsabola wofiira ali mbwee pa madenga a nyumba, akuuma. Ndikafunsa za ema datshi, ndiwo yawo ya tsabola ndi tchizi, wotiperekeza ankangomwetulira n'kunena kuti sitingaithe. Kumuuza zimenezo munthu wokulira pa kambuzi ndi chipongwe.

Chomwe chinandipsetsa mtima chinachitika ku Paro, pa chakudya cha kunyumba kwa mlimi chomwe tinalipira padera. Tinavula nsapato, n'kukhala pansi mozungulira mbaula ya nkhuni. Mayi a pakhomopo anatithirira suja, tiyi wa batala ndi mchere, pamodzi ndi zow, mpunga wokazinga womwe umauthira m'kapu momwemo. Mpaka apo zonse zinali bwino. Kenako ema datshi ija inabwera, koma yoyera mbee, tchizi ndi anyezi basi, tsabola wochita kumusaka ndi supuni. Kucheuka, ndikuona dalaivala ndi wotiperekeza ali pakona ndi mbale yawoyawo, thukuta lili kamukamu. Nditafunsa, dalaivala anaulula kuti mnzakeyo anaimbiratu foni masana kuuza mayiwo kuti atiphikire za alendo. Ndiye tinalipiriranji padera?

Dalaivala yemweyo ndi amene analankhula ndi mayi aja m'Chidzongkha. Iwo anaseka, n'kubwera ndi mphika weniweniwo. Abale, kumeneko tsabola sachita kuwaza pa ndiwo, tsabolayo ndiye ndiwo: wobiriwira, wamtali, wong'amba pakati, wophikidwa m'tchizi ndi batala mpaka msuzi kulimba. Umadyera mpunga wofiira, ndi manja. Panabweranso phaksha paa, nkhumba ya mafuta yophika ndi tsabola wouma ndi radishi. Misozi inatsika, mphuno kuchucha, koma ndinawonjezera, mayiwo akungondiyang'ana mokhutira.

Apa ndiyenera kunena chilungamo, wotiperekeza uja miyambo amaidziwa. Ndi iye anatiphunzitsa kuti akakupatsa chakudya usathamangire kulandira, umayamba wakana, dzanja kukamwa, n'kunena kuti "meshu meshu", ndipo umavomera akakakamiza kachiwiri kapena kachitatu. Itabwera ara, yomwe ndi kachasu wawo wa mpunga kapena chimanga, yotenthetsa ndi batala ndi dzira, anatisonyeza kuviika chala n'kuwaza timadontho m'mwamba ngati nsembe tisanamwe. Doma yokha, kamtedza kokulunga m'tsamba lopaka laimu, anatichenjezeratu kuti imatenthetsa thupi ndi kuzunguza mutu. Sananame. M'kamwa munafiira psuu, ndipo fungo lake silinandikomere.

Pobwerera wotiperekeza uja anapepesa. Anati alendo ena akapsa m'kamwa amakadandaula ku ofesi, ndipo amene amakalipidwa ndi iyeyo, choncho mabwana anawalamula kuti azisankha zozizira. Mkwiyo wanga unasamukira ku ofesiko, chifukwa pa fomu yawo anatifunsa nambala ya pasipoti ndi zina zambirimbiri, koma funso loti timadya tsabola kapena ayi panalibe.

Ndichifukwa chake ndapereka nyenyezi zitatu, osati imodzi monga ndinkafunira poyamba. Mukamasungitsa malo, lembani pa imelo musanalipire kuti mukufuna kumadya komwe dalaivala amadya, ndipo chakudya cha kwa mlimi achiike usiku woyamba. Ndalama yothokoza yambiri ndinapatsa dalaivala.