Ndemanga ya mankhwala otsukira makina otsuka mbale: amasungunula mafuta komanso choko cha m'madzi, koma sefa imafunabe manja

Mankhwala amene ndikuwafotokoza pano ndi aja amadzimadzi a m'botolo laling'ono lokhala ndi sera pakamwa, amene amagulitsidwa m'masitolo akuluakulu a kuno ku England kuti azitsukira m'kati mwa makina otsuka mbale. Ine ndinagula olembedwa dzina la sitolo yomweyo, osati a kampani yotchuka, chifukwa kagwiritsidwe ntchito kake n'kofanana pomwe mtengo wake ndi wotsikirapo. Ndawagwiritsa ntchito kwa miyezi ingapo m'nyumba ya lendi imene timakhala ku Luton, ndipo ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Nyenyezi imodziyo ndaichotsa chifukwa mawu a pabotolo amapatsa wogula chiyembekezo choti fungo lonse litha ndi botolo limodzi, pomwe gawo lalikulu la fungolo limakhala m'malo amene mankhwala paokha sangayeretse.

Makina athu ankatulutsa fungo la mitundu iwiri, ndipo kusiyanitsa mitunduyi n'kumene kunandithandiza kudziwa chimene botololi lingathe ndi chimene silingathe. Loyamba linali la mafuta okhalitsa osakanikirana ndi nsomba, limene linkamveka munthu akangotsegula chitseko m'mawa, ndipo nthawi zina linkatsalira m'matambula otsukidwa kale, mpaka mlendo akapatsidwa madzi ankayamba wanunkhiza asanamwe. Lachiwiri linali la mazira owola, limene linkabwera n'kupita, makamaka madzi ambiri akatayidwa musinki. Pakhomo pathu timadya nsima pafupifupi tsiku lililonse, ndi usipa kapena matemba tikawapeza, masamba otendera komanso nyama yamafuta, choncho mbale zathu zimalowa m'makina zili ndi zinthu zomata komanso zafungo lamphamvu kuposa za anansi athu ambiri.

Kagwiritsidwe ntchito kake n'kosavuta. Makina amayenera kukhala opanda mbale komanso opanda sopo. Munthu amamatula kapepala ka pachivundikiro osatsegula chivundikirocho, n'kuika botolo chozondoka m'basiketi yam'munsi, kenako n'kusankha pulogalamu yotentha kwambiri, ya madigiri 65 kapena kuposerapo. Sera uja amasungunuka madzi akatentha mokwanira, ndipo apa m'pamene mankhwala amatuluka. Nzeru imeneyi ndinaiyamikira, chifukwa makina ambiri amayamba ndi kutsukuluza ndi madzi ozizira amene amatayidwa msanga, ndiye mankhwala akanathiridwa poyera akanapita ndi madzi oyambawo asanagwire ntchito. Izi zikutanthauzanso kuti amene angasankhe pulogalamu yaifupi kapena yosatentha akhoza kupeza botolo likadali ndi mankhwala, popeza sera sanasungunuke bwino.

Zotsatira za botolo loyamba zinaoneka ndi maso. Makoma achitsulo a m'kati, amene anali atachita mbuu, anawala, ndipo mafuta achikasu amene anali m'makona a pansi ndi pa timawilo ta mabasiketi anachoka. Fungo la nsomba linachepa kwambiri, matambula anasiya kununkha. Koma patapita masiku ochepa fungolo linayambanso kumveka pang'onopang'ono, pomwe la mazira owola lija silinasinthe n'komwe.

Chifukwa chimene mafuta amaunjikirana m'makina a masiku ano chili pa pulogalamu yolembedwa kuti eco, imene ambirife timaigwiritsa ntchito pofuna kupulumutsa magetsi. Pulogalamuyi imatsuka ndi madzi a madigiri pafupifupi 50 kwa maola atatu kapena kuposerapo, ndipo imagwiritsa ntchito madzi ochepa, pafupifupi malita 10, amene amazungulira mobwerezabwereza. Mbale zimayera ndithu, koma mafuta a nyama ya ng'ombe kapena ya mbuzi, amene amauma msanga akazizira, amatsalira pang'onopang'ono m'mapaipi ndi m'kachitsime ka pansi pa sefa. M'malo otere, ofunda, amdima ndi achinyezi, mabakiteriya amaswana n'kupanga utoto woterera umene umanunkha. Apa ndi pamene mankhwalawa ali ndi ntchito yeniyeni, popeza amafika m'mapaipi, m'pampu ndi m'kati mwa mikono yopopera madzi, mmene dzanja silingalowe, ndipo kutentha kwa madigiri 65 kumathandizana nawo kusungunula zimene eco imasiya.

Chimene sangachite ndi kuchotsa zinyalala zolimba zimene zakodwa musefa, ndipo ndikufuna kukhalitsa pa mfundo imeneyi chifukwa ndi imene imakhumudwitsa ogula ambiri. Sefa ili pansi penipeni pa makina, kunsi kwa mkono wopopera wam'munsi. M'makina ambiri a ku Ulaya ili ndi mbali yooneka ngati kapu imene imazulidwa poipotokola chakumanzere, komanso chitsulo chafulati cha timabowo ting'onoting'ono chimene chimanyamuka pambuyo pake. Musefa yathu munali minga ya nsomba, mamba, zidutswa za zikamba za mazira, timapepala ta pamabotolo a jamu, ndi phala lotuwa lochokera ku nsima ndi nsinjiro limene linali litatseka timabowo tambiri. Ufa wa chimanga ukaphikidwa umamata, ndipo nkhoko zikanyowa sizisungunuka ngati shuga koma zimafewa n'kukakamira pa waya wa sefa, n'kumagwira mafuta ena onse odutsapo. Mankhwala anadutsa pa zonsezi, anazinunkhiritsa mandimu, koma anazisiya pomwepo. Nditatsuka sefayo pasinki ndi madzi otentha, sopo wa mbale ndi mswachi wakale, n'kupukuta kachitsime kake ndi siponji, fungo la nsomba linatheratu ndipo silinabwerere. Amene akupisa dzanja m'kachitsimeko asamale, chifukwa tizidutswa ta magalasi osweka timakonda kukhala mmenemo, ndipo ndi bwino kuzimitsa makina pakhoma kaye. Madzi pang'ono oyera otsalira pansi pa sefa si vuto ayi, makinawa anapangidwa motero, koma madzi akuda odzaza mpaka pamwamba pa sefa ndi chizindikiro choti pampu kapena paipi yotayira yatsekeka.

Ndiye dongosolo limene ndaona kuti limagwira ntchito ndi kuyamba ndi sefa, mankhwala n'kubwera pambuyo. Malangizo a pabotolo langa amatchula sefa ndithu, koma m'zilembo zing'onozing'ono zakumbuyo zimene munthu wotanganidwa sangaziwerenge, pomwe ikanayenera kukhala mfundo yoyamba.

Malo ena awiri amene mankhwala safika bwino ndi labala wa m'mbali mwa chitseko ndi mlomo wam'munsi wa chitsekocho. Madzi opopera sagunda kunja kwa labala, pomwe msuzi ndi tiyi zimadonthera pomwepo mbale zikamalowetsedwa, ndipo kunsi kwa chitseko kumaunjikana litsiro lakuda limene limaoneka pokhapokha munthu atatsegula chitseko chonse n'kugwada. Nsalu yonyowa ndi sopo pang'ono zimakwanira. Mikono yopopera nayonso imazulika mosavuta, ndipo timabowo take timatsekeka ndi njere za tomato kapena za mandimu, zimene zimachoka ndi kamtengo kotokosera m'mano.

Fungo la mazira owola linali nkhani ina, yosakhudzana ndi botololi. Fungo lotere limachokera ku mpweya wa hydrogen sulphide umene mabakiteriya amatulutsa zakudya zikamawola m'madzi osayenda. Pulambala amene eni nyumba anatumiza anapeza kuti paipi yotayira madzi a m'makina, imene imalumikizidwa ku paipi ya pansi pa sinki, inangogona pansi pa kabati n'kukwera molunjika kukalowa pamalumikiziro. Paipi imeneyi imayenera kukwezedwa kaye mpaka kufupi ndi kunsi kwa thabwa la pamwamba pa kabati, n'kumangiriridwa pomwepo, kenako n'kutsika kukalumikizana ndi ya sinki, kuti madzi akuda a musinki asamabwerere m'makina. Kwathu ankabwerera, n'kukhazikika m'paipimo. Ataikweza ndi kutsuka paipi yokhota ya pansi pa sinki, fungolo linatha tsiku lomwelo. Ndalemba izi kuti amene ali ndi fungo la mtundu umenewu asathere ndalama pa mabotolo, koma ayang'ane kaye pansi pa sinki, ndipo ngati ali m'nyumba ya lendi adziwitse eni ake.

Pa nkhani ya choko mankhwalawa ndi oyenera kuyamikiridwa popanda kukayika. Madzi a ku Luton, monganso a ku London ndi madera ambiri a kum'mwera chakum'mawa kwa England, ali ndi laimu wambiri, chifukwa ambiri mwa iwo amadutsa m'miyala ya choko ngati ya m'mapiri a Chilterns. Aliyense wokhala kuno amadziwa zoyera zolimba zimene zimakakamira m'ketulo, ndipo zomwezo zimakakamiranso m'makina otsuka mbale, n'kupanga khungu lokhakhala limene mafuta ndi mabakiteriya amagwirapo mosavuta. Mankhwala anga ali ndi citric acid, asidi yemwe amapezekanso m'mandimu, amene amasungunula choko chimenechi. Komabe salowa m'malo mwa mchere wapadera wa makina, umene umathiridwa m'kathanki ka pansi kuti chipangizo chochotsa laimu m'madzi chizigwira ntchito. Kuno mchere umenewu ndi wofunika ngakhale kwa amene amagwiritsa ntchito timibulu ta sopo tolembedwa kuti tili ndi zonse, ndipo mchere wa patebulo suyenera kuthiridwamo. Anzathu okhala ku Manchester, kumene madzi ambiri amachokera kunyanja za ku Lake District, kapena m'madera ambiri a ku Scotland, alibe vuto la choko lalikulu chonchi, choncho kwa iwo phindu la botololi lili pa mafuta okha.

Ndinayerekezanso mankhwalawa ndi njira zapakhomo zimene anthu ambiri amalangizana. Kapu ya viniga woyera yoimikidwa m'basiketi yam'mwamba pa pulogalamu yotentha imachotsako choko chochepa, ndipo soda wowazidwa pansi pa makina amachepetsa fungo kwa kanthawi. Njirazi n'zotchipa, koma pa mafuta okhalitsa sizinafike pamene botolo linafika, ndipo kusakaniza viniga ndi soda nthawi imodzi n'kutaya zonse ziwiri, chifukwa thovu limene limatuluka ndi chizindikiro choti zikuthetsana mphamvu. Ena amachenjezanso kuti viniga wogwiritsidwa ntchito pafupipafupi amafooketsa labala, choncho ine sindimuika kawirikawiri. Chimene sichiyenera kuyesedwa n'komwe ndi mankhwala oyeretsera a klorini, aja kwathu timangowatcha jiki. Amawononga chitsulo cha m'kati mwa makina, ndipo akakumana ndi asidi aliyense, kaya viniga kaya mankhwala a m'botololi, amatulutsa mpweya wa poizoni woopsa m'mapapo.

Zina zimene sizinandisangalatse n'zazing'ono. Kafungo ka mandimu kamene amaikamo ndi kamphamvu mopyola muyeso, kamadzaza khitchini yonse pamene makina akutsuka, ndipo kamagwira m'makontena apulasitiki pa kutsuka kotsatira. Kafungoka kakhozanso kunyenga munthu kuti vuto latha pomwe langophimbidwa, choncho chiweruzo chenicheni chimabwera pakatha masiku angapo. Kuyendetsa makina opanda mbale pa kutentha kwakukulu kumadya magetsi, ndipo botolo lililonse limagwira ntchito kamodzi kokha n'kutayidwa. Madzi ake ndi amtundu wokopa maso ndipo amayabwa akalowa m'maso, choncho m'nyumba ya ana aang'ono botololi lisamasungidwe m'kabati ya pansi pa sinki yosakiya.

Pabotolo analemba kuti mankhwalawa azigwiritsidwa ntchito mwezi uliwonse. Kwa banja limene limapala zotsalira m'bini mbale zisanalowe m'makina, limatsuka sefa mlungu uliwonse, limasiya chitseko chotsegula pang'ono mbale zikachotsedwa, ndiponso limasankha pulogalamu yotentha nthawi ndi nthawi, ndaona kuti botolo limodzi pa miyezi iwiri kapena itatu likukwanira. Poto wa nsima ife timamuviika ndi kumutsuka pamanja, pamodzi ndi mthiko ndi chipande, chifukwa mtengo umang'aluka m'makina ndipo mapoto a aluminiyamu amada ndi sopo wake, ndipo kuchokera pamene nkhoko zinasiya kulowa m'makinamo sefa imachedwa kudzaza. Tsiku limene taphika usipa timatsukuluza mbale ndi madzi ozizira kaye n'kuyatsa makina usiku womwewo m'malo modikira kuti adzaze mawa lake. Botolo lotsatira ndidzagula la mtundu womwewu, koma ndidzafufuza lopanda kafungo ka mandimu ngati lilipo pashelefu.