Kosi yapadera kapena mu labu momwemo: za AI tiwaphunzitsire kuti?

Anzanga ophunzitsa sayansi ya zamoyo muno mu Blantyre, zoti ophunzira athu akugwiritsa ntchito AI (mapulogalamu a pakompyuta otsanzira nzeru za munthu) palibenso wotsutsa. Chitulukireni ChatGPT, pulogalamu ya AI yoyankha mafunso ndi kulemba, mu Novembala 2022, ali nayo m'mafoni. Pamene tikusiyana maganizo ndi pa njira yowakonzekeretsa kuti akakayamba ntchito asakapweteke nayo munthu.

Ena akuti tingoiletsa. Imeneyo tisatayepo nthawi. Kuyambira 2021 bungwe la WHO limavomereza kuti kompyuta iziwerenga zithunzi za X-ray pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo, ndipo pulogalamu yochita zimenezi yotchedwa CAD4TB idayesedwapo kale ku Bangwe komweku. Amene tamuletsa lero akaipeza kuntchito, ndipo chomwe adzakhale ataphunzira kwa ife ndi kubisa basi.

Mpikisano weniweni uli pakati pa kosi yapadera ya kagwiritsidwe ntchito koyenera ka AI, ndi kuilowetsa nkhaniyi m'mapulakitiko a mu labu.

Kosi yapadera sindiinyoza. Imapereka mpata wofotokoza zimene sizingakwane pakati pa kutsuka matyubu ndi kulemba zotsatira: lamulo loteteza uthenga wa anthu la Data Protection Act la 2024, mfundo za UNESCO za 2021 zokhudza kagwiritsidwe ntchito koyenera ka AI, ndi chifukwa chake COMREC, komiti yovomereza kafukufuku wa zaumoyo, imafunsa wofufuza kuti uthenga wa odwala aziusunga kuti. Mumakhalanso nthawi yokamba za kafukufuku wa mu 2019 ku America, amene adapeza kuti pulogalamu ina inkaona odwala akuda ngati sakudwala kwambiri, chifukwa inkayeza matenda potengera ndalama zomwe zidawonongedwa pa munthu kuchipatala. Kosiyi ndi yotchipanso: mphunzitsi mmodzi ndi chipinda, zatha.

Vuto lake ndi lakuti ana athu kuloweza amatha. Wophunzira alemba bwinobwino pamayeso za kusunga chinsinsi cha wodwala. Mawa lake ali kuwodi kapena ku labu, ajambula fomu yokhala ndi dzina, mudzi ndi zotsatira za HIV, n'kuiponya mu ChatGPT kuti imuthandize kulemba lipoti. Si kuipa mtima ayi. Zimene adamva m'kalasi sanaziganizire n'komwe pamene fomu inali m'manja.

N'chifukwa chake ine ndili mbali ya mu labu. Muuzeni wophunzira apemphe AI mapepala asanu a kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana, kenako awafufuze limodzilimodzi pa PubMed, nkhokwe ya pa intaneti ya mapepala a kafukufuku wa zachipatala. Akapeza kuti lina kulibe, ngakhale mutu wake ukumveka bwino ndipo mayina a olemba akuoneka ngati enieni, sadzaiwalanso. Mutsegulireni puloteni pa AlphaFold, chida cholosera maonekedwe a mapuloteni chimene chidapezetsa Demis Hassabis ndi John Jumper mphotho ya Nobel mu 2024, mumufunse za mitundu imene akuiona. Pabuluu ndi pamene pulogalamu ikudzidalira, pa olenji ikukayika yokha. Ambiri amangosirira chithunzicho osadziwa kuti mitunduyo ndi chenjezo. Pa silaidi ya magazi nayenso ayambe wawerenga yekha tizilombo pa maikulosikopu, asanamve zonena makina.

Pansi pa lipoti lililonse azilemba chida chimene wagwiritsa ntchito, chomwe wachifunsa, ndi mmene watsimikizira yankho. Magazini a zachipatala otsatira ICMJE, komiti ya akonzi a magazini otere, amafunanso kuti wolemba aulule ngati wagwiritsa ntchito AI, ndipo salola kuti AI ilembedwe ngati mmodzi wa olemba, popeza singayankhe mlandu zinthu zikalakwika. Woyankha ndi amene wasaina.

Njirayi ndi yolemetsa, tisanamizane. Mphunzitsi aliyense ayenera kuyamba waiphunzira yekha AI, kuchonga kumachuluka, ndipo magetsi akathima pulakitiko imaima. Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi bandulo. Wina ali ndi laputopu ndi pulogalamu yolipira, mnzake wochokera ku Ndirande akuwerengera timakobiri ta minibasi. Tikawapatsa ntchito yokachitira kunyumba, tidzakhala tikuchonga matumba a makolo awo.

Choncho za malamulo zipatsidwe masabata ochepa m'chaka choyamba, zotsalazo zilowe m'mapulakitiko mpaka chaka chomaliza. Ndipo ntchito iliyonse yofuna AI izichitikira pa makompyuta a sukulu, m'magulu, nthawi ya kalasi, mphunzitsi ali pomwepo.