Pulogalamu ya pa foni yokuyendetsani m'mapazi a Aby Warburg ku Hamburg: nyenyezi 4 mwa 5

Iyi ndi ija mumaigula pa foni, n'kuvala mahedifoni, mawu n'kumakulondolerani njira. Imakutengani m'malo a mu Hamburg okhudza Aby Warburg, katswiri wa mbiri ya zojambulajambula amene anabadwira mumzindawu mu 1866 n'kumwalirira momwemo mu 1929. Ndalama yanga sinapite pachabe, koma pali zina zoti mudziwiretu musanagule.

Ulendo umayambira pa banki ya banja lawo mu Ferdinandstraße, ndipo apa mayi wofotokozayo amaitha ntchito. Aby ndiye anali woyamba kubadwa, woyenera kudzalowa m'malo mwa bambo ake. Ali ndi zaka 13 anamusiyira mng'ono wake Max ukuluwo, pangano lake n'lakuti Max azidzamugulira buku lililonse lomwe angafune moyo wake wonse. Esau uja anagulitsa ukulu ndi mbale imodzi ya mphodza, koma uyu anachenjera, chifukwa mabukuwo anadzafika pafupifupi 60,000. Ndinaseka ndekha pamsewu, anthu n'kumandicheukira.

Za maphunziro a Aby ku Bonn ndi ku Strasbourg komanso kafukufuku wake pa zithunzi za Botticelli amangodutsamo mwachangu, ndipo sindikudandaula. Pomwe amakhalitsa ndi pa Heilwigstraße 116, nyumba ya njerwa yomwe inamalizidwa mu 1926 kuti ikhale laibulale. Amakuuzani kuti muime tsidya lina la msewu muyang'ane pamwamba pa khoma, pomwe pali zilembo K, B ndi W, chidule cha dzina la laibulaleyi m'Chijeremani. Kenako amalongosola kasanjidwe ka mabuku ka mkuluyu: sankatsata alifabeti, ankaika buku pafupi ndi linzake logwirizana nalo maganizo, kuti wofuna buku limodzi apezenso lina lomwe samalidziwa n'komwe. Pa foni pamabweranso zithunzi za matabwa ake okutidwa ndi nsalu yakuda, pomwe ankakhomapo zithunzi zamakedzana, za m'nyuzipepala ngakhale masitampa, pofuna kuonetsa mmene kaimidwe ka thupi ka munthu wolira kapena wothamanga kamabwererabwerera m'zojambula kwa zaka mazanamazana. Anamwalira ntchitoyi isanathe, matabwa ali 63. Mukhoza kukulitsa chithunzi ndi zala, zimaoneka bwinobwino.

Tsono chomwe chinandikhumudwitsa ndi ichi. Otsatsa pulogalamuyi amalemba ngati kuti mukaona laibulale yodzaza mabuku a Warburg. Mabukuwo kulibe kuno. Mu December 1933, Hitler atalowa m'boma, Fritz Saxl ndi Gertrud Bing, omwe ankagwira ntchito ndi Warburg pa laibulaleyi, anawapakira m'sitima zapamadzi kupita nawo ku London, chifukwa banjali linali la Chiyuda. Ali komweko mpaka pano, ku Warburg Institute, yomwe inalowa pansi pa University of London mu 1944. Nkhani yaikulu chonchi akuikamba m'mphindi imodzi, kumapeto, munthu miyendo itatopa kale. Erwin Panofsky, katswiri winanso wa mbiri ya zojambulajambula amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya Hamburg n'kuchotsedwa ntchito mu 1933, angomutchula dzina basi.

Za matenda a maganizo a Warburg anazigwira mwaulemu, apa ndiwayamikire. Sakubisa kuti anakhala m'chipatala ku Kreuzlingen ku Switzerland kuyambira 1921 mpaka 1924, ndiponso kuti mu 1923 anakamba komweko nkhani ya mwambo wa njoka wa anthu a mtundu wa Hopi, omwe anawachezera ku Arizona mu 1896.

Mapu a pulogalamuyi nthawi zina amachedwa, kadontho kabuluu kamatsalira m'mbuyo inu mutakhota kale, ndiye muziwerenganso mayina a misewu. Batire imatha msanga, tengani power bank. Ndipo gawo la manda a Warburg ku Ohlsdorf musaliyambe madzulo. Manda a ku Ohlsdorf ndi aakulu moti muli mabasi oyenda m'kati mwake.