Cloudflare yaulere: zithunzi zikutseguka msanga, koma oda ikupitabe ku Germany

Ndimagulitsa zitenje ndi mpunga wa Kilombero kwa abale athu kuno ku Harare, makamaka a ku Mbare ndi ku Highfield. Webusaiti yanga ndi ya WordPress ndipo seva yake ili ku Frankfurt, poti kumeneko n'kotchipa. Vuto linali mtunda. Munthu akadina chitenje, pempho lake linkadutsa pa zingwe za pansi pa nyanja kukafika ku Germany, chithunzi n'kubwera njira yomweyo. Ambiri ankatopa n'kundilembera pa WhatsApp kuti, "Mayi, tangotitumizirani zithunzi konkuno."

Ndiye ndinayesa Cloudflare yaulere. Cloudflare ndi CDN, ntchito yofikitsa zinthu za pa webusaiti msanga kwa anthu. Ili ndi maseva m'mizinda yambiri ndipo imasunga makope a zithunzi zanu pafupi ndi ogula. Woyamba kutsegula chithunzi ndiye amadikira kuti chichoke ku Frankfurt, otsatirawo amangochitenga pafupi, ngati mmene wa pagolosale amapikulira katundu kutali kuti ife tizingogula pakhomo. Kulowa sikunavute: ndinasintha ma nameserver (amene amalozera dzina la webusaiti kumene ili) kwa amene ndinalembetsako dzina la .co.zw, osalipira kanthu, ndipo SSL, loko yotetezera zimene ogula amatumiza pa webusaiti, imabwera pomwepo.

Chimene chinandisangalatsa n'choti mutha kudzionera nokha. Lembani adiresi ya webusaiti yanu, kumapeto muwonjezere /cdn-cgi/trace. Pamzere wa colo pamatuluka zilembo zitatu za bwalo la ndege, zosonyeza mzinda umene muli seva ya Cloudflare imene yakuyankhani. Kwa ine pamatuluka JNB, kutanthauza Johannesburg. Poyerekeza ndi Germany, amenewo ndi aneba. Tsamba la zitenje tsopano limadzaza munthu asanaganize zolitseka, ngakhale pa foni yotchipa.

Koma musayembekezere zonse. Mukapanda kusintha kalikonse, Cloudflare imasunga zithunzi ndi mafayilo a CSS ndi JavaScript (a maonekedwe ndi kachitidwe ka tsamba), osati masamba enieniwo. Dengu la oda ndi tsamba lolipirira zimafunsabe seva yanu, ndiye ngati ili yofooka zichedwabe basi. Bandulo nayo siipulumutsa: chithunzi cha 4 MB chimadyabe 4 MB ya kasitomala, kaya chachokera kutali kaya pafupi. Ine ndimayamba ndachepetsa zithunzi ndisanaziike.

Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Kwa amalonda anzanga amene mumasintha katundu pafupipafupi: mukaika chithunzi chatsopano pa dzina la fayilo yakale, dinani Purge Cache mu akaunti yanu ya Cloudflare kuti makope akale afufutidwe, apo ayi makasitomala azionabe chitenje chimene chinatha kale.