Ndemanga ya Boss DS-1 ndi DD-3: kulimba kwake pa ntchito ya woimba gitala ku Chipata

Ndimaimba gitala m'bandi yomwe imayitanidwa ku maukwati, ku zinkhoswe ndi ku misonkhano ya mpingo kuno ku Chipata mpaka ku Katete, Chadiza ndi Lundazi, ndipo mapedal awiri (timabokosi toponda ndi phazi tosintha mawu a gitala) amene ndimayenda nawo ndi Boss DS-1 ndi Boss DD-3. Za kukoma kwa mawu ake sindinenapo zambiri, chifukwa aliyense ali ndi khutu lake. Chimene ndikufuna oimba anzanga adziwe asanatulutse ndalama n'chakuti pedal imafera panja, pomwe pamafika phazi, fumbi ndi waya, ndipo m'malo amenewa ndi momwe awiriwa amaposera ena amene ndagwiritsapo ntchito.

DS-1, yofiirira ngati lalanje, yomwe imachititsa mawu a gitala kumveka mokhadzuka, inayamba kugulitsidwa mu 1978, ndipo DD-3 yobwereza mawu inatuluka mu 1986. Zonse ndi za kampani ya ku Japan yomwe ili pansi pa Roland, ndipo thupi lake ndi limodzimodzi: kabokosi kachitsulo kolemera pafupifupi magalamu 400, kokhala ndi mpira wokhuthala pansi ndi pamwamba poponda. Kulemera kumeneku kuli ndi ntchito. Pa siteji ya matabwa kapena pa simenti yosalala ya m'holo, pedal yopepuka imatsetsereka waya ukangokokedwa pang'ono, pomwe izi zimakhala pamene mwaziika.

Chimene ndimachiyamikira kwambiri ndi mmene anaikira timabatani topotokola. Timabatanito tili m'munsi, ndipo chopondera chinakwezedwa pamwamba pake, kotero kuti nsapato ikaphonya mumdima imagunda chitsulo m'malo mothyola batani. Switchi yeniyeni ndi kakang'ono kobisika pansi pa chopondera, ndipo mphamvu ya phazi imathera pa sipuling'i ndi pa chitsulo isanakafike. Pedal ina yapulasitiki yotchipa imene ndinali nayo kale inathyokera pomwe chopondera chimalumikizana ndi thupi, mawu ake akadali abwinobwino, ndipo amisiri a mawailesi ku msika wa Kapata anandiuza mosabisa kuti guluu sangagwire pamalo opondedwa tsiku ndi tsiku. Mapedal achitsulowa akwera kumbuyo kwa kanta pamodzi ndi masipika m'misewu yafumbi ya kumidzi, utoto wake wakalika m'makona mpaka chitsulo kuonekera, koma palibe chimene chasweka kapena kupindika.

Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala ndilo mdani wamkulu wa chipangizo chilichonse kuno. Limalowa m'timabatani ndi m'mabowo a jeki, molowetsa waya, ndipo mumazindikira pomwe mukupotokola batani lokwezera mawu la LEVEL n'kumva kukhwekhwereza m'sipika. Zimenezi zimachitikira pedal ya mtundu uliwonse, ndipo mankhwala opopera oyeretsera zamagetsi amathetsa vutoli. Ubwino wa awiriwa ndi wakuti majeki ake anamangidwa ku thupi lachitsulo ndi nati, choncho wina akaponda waya pakati pa nyimbo, chitsulo ndicho chimalandira kukokako. Nati imeneyi imamasuka pang'onopang'ono ndi kugwedezeka kwa galimoto, ndipo ndi bwino kuimangitsa ndi sipanala yaing'ono musananyamuke, chifukwa jeki yozungulira yokha imatha kudula waya wam'kati.

Pa nkhani ya moto pali zoti munthu asamale nazo. Onse awiri amalandira batire ya mavoti 9, ndipo kuisintha sikufuna sikuludiraiva: mumamasula kasikulu ka kutsogolo ndi zala, chopondera n'kutseguka. DS-1 imadya moto wochepa kwambiri moti batire imodzi imakhalitsa. DD-3 ndi ya dijito, imadya kangapo kuposa mnzakeyo, ndipo amene akuidalira pa phwando la usiku wonse agule adaputa basi. Dziwaninso kuti waya wa gitala ukasiyidwa m'bowo la INPUT, batire imapitiriza kutha ngakhale kanyali kosonyeza kuti pedal yayatsidwa kathima. Adaputa yoyenera ndi ya mavoti 9 a DC yokhala ndi negativu pakati, ndipo zambiri zogulitsidwa pamsika za mawailesi ndi makiyibodi zili ndi pozitivu pakati kapena zimatulutsa mavoti 12. Ndaona mnzanga wa besi akuwotcha pedal yake mwa njira imeneyi atabwereka adaputa ya woimba kiyibodi. Magetsi akathima n'kuyatsa jenereta, ine ndimachotsa adaputa ya DS-1 n'kuisiya pa batire, chifukwa moto wa jenereta zing'onozing'ono umakwera ndi kutsika, komanso umalowetsa kulira ngati kwa njuchi m'mawu a gitala.

Mtengo wake ndi wokwera poyerekeza ndi zapulasitiki, ndipo nthawi zambiri munthu amayenera kuitanitsa ku Lusaka kapena kudutsa pa malire a Mwami kukafufuza ku Lilongwe. Yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yabwinonso, malinga muiyese musanalipire. Pondani kangapo muone ngati kanyali kakuyaka nthawi iliyonse, gwedezani waya m'majeki onse uku mukumvetsera, ndipo tsegulani m'malo a batire muone ngati mulibe dzimbiri la batire yomwe inatayikira. Yang'ananinso kampira kakuda komwe kasikulu ka kutsogolo kamadutsamo, chifukwa ndiko kamayamba kutha pa mapedal akale, ngakhale kuti n'kosavuta kusintha.

Wophunzira amene amaimbira kunyumba angathe kuyamba ndi yotchipa, ndipo idzam'tumikira bwino. Koma kwa amene amalandira ndalama za mwini ukwati ndipo ayenera kuimba kuyambira masana mpaka alendo atabalalika, ndikulimbikitsa awiriwa ndi mtima wonse, pamodzi ndi adaputa yoyenera ndi mawaya aafupi olimba olumikizira pakati pawo.