Magemu a ife osaona: ndayesa angapo, nayi yomwe ndaika pamwamba

Anthu akamva zoti ndimasewera magemu pa kompyuta amayamba akhala kaye chete, kenako funso lake ndi lomwe lija, ndiye mumaona bwanji? Sindiona ayi, ndimamva. Maso anga anasiya ndili ku sekondale, ndipo zinkandiwawa heve kukhala pakona anzanga akukuwa pa gemu ya mpira ine ndikungofunsa kuti wagoletsa ndani, wagoletsa ndani, mpaka ena kutopa nane. Bawo yokha ndi yomwe sinanditaye poti ija timiyala umawerenga ndi zala. Ndiye nkhani ya magemu omwe munthu wosaona angasewere ine ndimaitenga ndi manja awiri.

Muyeso wanga ndi umodzi basi. Kodi gemuyi ndingayatse ndekha, kudutsa pa menu ndekha, kusewera mpaka kumapeto osaitana mwana wa achemwali kuti tabwera undiwerengere apa palembedwa chani? Ikakanika pamenepo kaya ndi yokongola bwanji kwa ine yagwa. Ndikunena izi chifukwa ndinapsapo, gemu ina yomwe sinditchula dzina analemba kuti ndi yoganizira aulumali, ndinathera bandulo yonse kuitsitsa usiku, kuyatsa chonchi zii, palibe liwu ndi limodzi lomwe. Kufunsa mwana uja akuti amalume apa angoika pokulitsira zilembo ndi posinthira mitundu. Zimenezo ndi zabwino kwa anzathu omwe amaona pang'ono, sindikuzinyoza, koma ine wosaoneratu ndinangotsala ndi chimbokosi chosalankhula.

Ndiyambe ndi zikuluzikulu zomwe zimatchuka. The Last of Us Part II ya kampani ya Naughty Dog inatuluka mu 2020 pa PlayStation 4 ili ndi zosintha zothandiza aulumali zoposa 60, ndipo chaka chomwecho inawina mphoto ya Innovation in Accessibility, ya luso latsopano lothandiza aulumali, ku The Game Awards, mwambo wa pachaka wa mphoto za magemu, komwe kanali koyamba kuti mphoto imeneyi iperekedwe. Ine ndinaigwira kwa msuweni wanga ku Johannesburg masabata awiri. Abale, tsiku loyamba ndinalira. Menu yonse imalankhula, ukadina batani limodzi munthu wako amatembenukira komwe nkhani ikupita, ukadinanso kwina imakuuza ndi kamawu kuti uko kuli chinthu choti utole, uku kuli mdani, ndipo kamawu kodumphira ndi kosiyana ndi kowerama kapena kotsegula chitseko. Anaikamonso malo oti uzimvetsera timawu tonseti kamodzikamodzi mpaka utaloweza. Msuweni uja anapita kuntchito mmawa nkundisiya ndekha, pobwera madzulo anandipeza ndapita patali moti anangoti ah achimwene mwadutsa pomwe ine ndinakakamira. Gemuyi ndi ya akuluakulu, muli nkhanza ndi magazi, musapatse ana. Kumbali ya luso ndiyovuta kuiposa, koma sindingaiike pamwamba chifukwa pamafunika PlayStation kapena kompyuta yamphamvu, ndipo ndi angati mwa ife amene angakwanitse zimenezo.

Chimodzimodzi Forza Motorsport ya mu 2023, ya mipikisano ya magalimoto, yomwe nayo inawina mphoto yomweyo chaka chimenecho. Anaikamo zomwe amazitcha Blind Driving Assists, mawu amakuuza kuti kutsogoloku kuli kona ya kumanzere kapena kumanja komanso kuti ndi yakuthwa bwanji, phokoso la injini limasunthira ku khutu la mbali yomwe ukuyenera kukhotera, ndipo pali kulira kwina kokuuza nthawi yoponda buleki. Ineyo wosaona kuyendetsa galimoto, ngakhale ya mugemu, mtima unagunda. Koma musayembekezere kuti muidziwa tsiku limodzi, poyamba makutu amasokonezeka ndi maphokoso ambirimbiri nthawi imodzi ndipo khoma umaliomba ndithu kangapo. Pa magemu awiri onsewa anagwirapo ntchito Brandon Cole wa ku America, naye anali wosaona, anamwalira mu 2024. Dzina lake ndimafuna lizitchulidwa nthawi zonse nkhaniyi ikamakambidwa chifukwa zinthu izi zinatheka kaamba koti makampani analola munthu wosaona kulowa mkati nkumawauza kuti apa ayi, apa konzani.

Pa nkhani ya mphoto ndiime kaye. Mphoto ya ku The Game Awards ija imaphatikiza maulumali onse pamodzi. Mu 2021 inapita kwa Forza Horizon 5, gemu yomwe inadzabweretsa omasulira chinenero chamanja, nkhani yokoma zedi kwa anzathu osamva. Mu 2022 inapita kwa God of War Ragnarök. Ndiye mukangomva kuti yawina mphoto musathamangire kugula, yambani mwafunsa kuti wosaoneratu anaimaliza yekha? Ma sitolo a Xbox ndi PlayStation masiku ano amaika tizizindikiro tonena zomwe gemu ili nazo, Xbox anayamba mu 2021 PlayStation mu 2023, zimathandiza, koma chizindikiro choti menu imalankhula sichitanthauza kuti mkati mwa gemu namonso mungayende. Ine ndimakhulupirira kwambiri mphoto ngati Golden Apple za AppleVis, webusaiti ya anthu osaona, za mapulogalamu ndi magemu a zipangizo za Apple, chifukwa ovota ake ndi anthu omwe amagwiritsa ntchito zinthuzo ndi makutu tsiku ndi tsiku. Mwini nsapato ndi amene amadziwa pomwe ikumuluma.

Za ndewu ndingodutsamo. Street Fighter 6 ya 2023 ili ndi timawu tokuuza kuti mdani ali patali bwanji komanso ngati chibakera chabwera mmwamba kapena mmunsi, ndipo Sven van de Wege wa ku Netherlands, wosaona, anagonjetsa mnzake pa ndewu ina ya mpikisano waukulu wa Evo chaka chomwecho dziko likuonera. Mortal Kombat 1 nayo ili ndi mawu ofotokoza zomwe zikuchitika pa sikirini. Ine zala zanga sizithamanga choncho, koma achinyamata yesani.

Tsopano omwe anapangidwira makutu kuyambira pachiyambi. Apa mtima wanga uli pa The Vale: Shadow of the Crown ya 2021, yopangidwa ndi kakampani kakang'ono ka ku Canada kotchedwa Falling Squirrel mothandizana ndi bungwe la osaona la kumeneko la CNIB. Umakhala Alex, mwana wamkazi wa mfumu yemwe anabadwa wosaona, waukiridwa panjira ndipo ukuyenera kubwerera kwanu limodzi ndi m'busa wina amene mwakumana. Pa sikirini palibe chothandiza chilichonse, woona ndi ine tili chimodzimodzi. Ukalowa mmudzi umamva wosula zitsulo akukhoma chakumanja, nyimbo zikuchokera kumalo omwera chakutsogolo, ndiye umangolondola phokosolo mpaka likule mmakutu. Pa ndewu umamva mdani akuzungulira, masamba akuphwanyika, chitsulo chikusololoka, ukweze chishango mbali yomweyo kenako ubweze. Tsiku lina ndikusewera usiku galu wa mmudzi mugemumo anauwa kumbuyo kwanga, ndinavula mahedifoni kuti ndimve ngati ndi wa aneba. Ndi yogula koma imayenda pa laputopu wamba ndipo ukatsitsa sifunanso intaneti. A Blind Legend ya Dowino a ku France imatsatira pambuyo pake pa mndandanda wanga, umakhala msilikali wosaona Edward Blake ndipo mwana wako Louise ndi amene amakuitana kuti bwerani kuno, ndi yaifupi komanso yosavuta, yabwino poyambira. Chonde onetsetsani kuti mahedifoni mwavala bwino, la kumanzere kumanzere, mukasemphanitsa muziyenda chobwerera osadziwa chavuta.

Koma magemu osewera wekha amatha, ukamaliza nkhani basi yatha. Zomwe zandisunga zaka zonsezi ndi za pa intaneti zosewera ndi anthu, ndipo izi ndi zomwe sizimvekanso pa ma siteji a mphoto aja.  Alipo Swamp ya Jeremy Kaldobsky yowomberana ndi ma zombie mmagulu, ndi Survive the Wild ya Sam Tupy yomwe umasaka chakudya, kukoleza moto, kuwedza nsomba uli mtchire ndi anthu ena, koma izi zimafuna netiweki yosadukaduka, kwathu kuno mvula ikangoyamba mukudziwa kale mmene zimakhalira. Okonda makadi ovuta kuganiza kuli Hearthstone Access, yomwe munthu wina wodzitcha GuideDev anapanga mu 2021 kuti gemu ya Hearthstone izilankhula, osaona nkumalimbana ndi oona bwinobwino.

Nambala 2 wanga ndi Lichess, malo a chess aulere opanda zotsatsa omwe Thibault Duplessis wa ku France anayambitsa mu 2010. Ali ndi blind mode, njira yosewerera anthu osaona, kabatani kake pulogalamu yowerenga sikirini imakapeza kumayambiriro kwenikweni kwa tsamba. Ukayatsa umangolemba komwe ukusunthira mwachidule, monga e4 kapena Nf3, kompyuta nkukuuza zomwe mnzako wayankha. Chomwe chimandikomera nchoti amene ali mbali inayo sadziwa kuti sindiona. Samandimvera chisoni, samandisiyira dala, akandidya ndadyedwa, ndikamudya ndamudya ndi mutu wanga. Amene sanakhalepo munthu womveredwa chisoni paliponse mwina sangamvetse kukoma kwake, koma anzanga osaona mukundimva. Poyamba ndinkaika bolodi lenileni pambali nkumasuntha ndi dzanja kuti ndisasochere, pano theka la gemu ndimalisunga mmutu.

Ndiye pamwamba penipeni ndaika QuentinC's Playroom. Anaipanga ndi munthu wosaona wa ku Switzerland, ndi yaulere, ndipo imamveka kuti wopangayo amakhala moyo womwe tikukhala ifewu chifukwa palibe pomwe umakakamira. Muli Uno, dominos, poker, chess, Monopoly, Yahtzee ndi ena ambiri, umatsegula tebulo nkuitana anzako kapena kulowa pa tebulo la anthu osawadziwa, ndipo pakakhala palibe munthu umasewera ndi ma bot, kutanthauza kompyuta yomwe. Zonse ndi kiyibodi, timivi tokwera ndi kutsika ndi Enter, makadi ako imakuwerengera limodzilimodzi, ndipo poti zambiri ndi zolemba ndi timawu bandulo siimva kuwawa, ine kabandulo kakang'ono kamandifikitsa kutali. Laputopu yanga ndi yakale ya kaunjika, batire yake imangopirira kanthawi magetsi akathima, koma Playroom imayenda osadandaula. Pamwamba pake umacheza ndi anthu pa tebulo pomwepo, ndapezako anzanga akumayiko omwe sindidzafikako, ena timalonjerana ngati apachibale. Chovuta chake ndi chinenero, imalankhula Chingerezi, Chifalansa ndi zinenero zina za kunja, ndiye amene sukulu inawavuta amafunika wowathandiza masiku oyamba, komabe mawu a pa Uno ndi ochepa, mitundu inayi ndi manambala, sabata imodzi munthu waloweza.

Kuti zambiri mwa izi zitheke pa Windows chokuthandizani ndi NVDA, pulogalamu yaulere yowerenga mokweza zolembedwa pa sikirini, yomwe Michael Curran ndi James Teh, anyamata awiri osaona a ku Australia, anayamba mu 2006. Tsitsani imeneyo kaye, muchepetse liwiro la mawu mpaka makutu azolowere, kenako lowani Playroom muyambe ndi Uno ya ma bot musanakumane ndi anthu, chifukwa kumeneko kuli akatswiri oponya khadi iwe usanamalize nkumva lomwe lili pa tebulo. Mwana wa achemwali uja pano anatsegula akaunti yake, Loweruka madzulo timakhala pa tebulo limodzi iye pa kompyuta ya kunyumba kwawo ine pa yanga, ndipo sabata yatha anandiimbira foni kufunsa kuti amalume batani loonera zigoli ndi liti.